Mipingo inayi mumsewu umodzi: tiyambire pati kuthandiza ovutika?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg. Akuti m'dera lawo muli mipingo inayi ya Amalawi, ina imapempherera mu holo ya lendi, wina m'galaja. Iwo akulakalaka mipingoyi itamasonkha limodzi kamodzi pachaka zinthu zothandizira ovutika. Koma akuopa kuti abusa aziona ngati wina akufuna kuba nkhosa za mnzake, komanso kuti ndalama zidzawadanitsa. Afunsanso kuti: katunduyo azipita kumudzi kapena azigawidwa konkuno?

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyamba ndi funso lomalizalo chifukwa ndi limene landigwira mtima.

Gawani konkuno. Kumudzi tonse timatumiza kale mwezi ndi mwezi, aliyense kwa abale ake. Namondwe wa Freddy atapha anthu oposa 1,000 ku Malawi mu Malichi 2023, ifenso kwathu kuno tinasonkha zovala. Matumba aja anakhala m'galaja masabata angapo tikusakasaka ya thiransipoti, poti katundu kuti adutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza si masewera. Tinaphunzira kuti pakagwa tsoka kumudzi, ndalama ndi imene imafika msanga. Koma amene akugona pasimenti ku Hillbrow kapena mu mkhukhu ku Diepsloot alibe womutumizira. Kumbukirani pa 31 Ogasiti 2023, nyumba ya Usindiso itapsa ku Marshalltown. Anthu 76 anamwalira, ena mwa iwo Amalawi anzathu, ndipo opulumuka ambiri anatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. M'mawa wake ine ndinkangoimba mafoni uku ndi uku, osadziwa kuti mpingo uti uli ndi mabulangete, uti uli ndi galimoto. Tikanakhala kuti tinazolowerana kale, sitikanataya tsiku lonse tikufunsana.

Ndipo ndikati konkuno sindikunena Amalawi okha ayi. Agogo a ku South Africa konkuno amene akulera zidzukulu ndi ndalama ya penshoni, mayi wa ku Zimbabwe, mnyamata wa ku Mozambique, onsewa chisanu chimawaluma mofanana. Amene tinalipo mu Meyi 2008, chipwirikiti chitayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, tikukumbukira kuti ena a ife anabisidwa ndi aneba eni dziko. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Pamndandanda wanu aneba asasowepo.

Za nthawi sizovuta. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndiye Juni ndi Julayi kumazizira mpaka udzu kuchita mbuu m'mawa. Vuto ndi tsiku: a Seventh Day amapemphera Loweruka, ena Lamulungu, Asilamu Lachisanu, ndipo ambiri a ife ndi antchito a m'nyumba ndi m'magadeni amene sapuma wamba. Ine ndingayambe kusonkha pa 1 Meyi n'kugawa pa 16 Juni, poti onsewa ndi masiku a tchuthi. Chaka chimene tsikulo lagwera Loweruka, sunthani kuti a Sabata asatsale. Ena adzakuuzani kuti mudikire 18 Julayi, tsiku la Mandela, pamene anthu amapereka mphindi 67 kuthandiza ena. Tsikulo ndi labwino popempha kwa mabwana ndi eni masitolo chifukwa mitima imakhala yofewa, koma bulangete likafika nthawi imeneyo, mwana watha kale mwezi ndi theka akutsokomola.

Tsopano za abusa. Musayambe ndi iwo. Sindikuwapeputsa ayi, koma mukawaika patebulo limodzi tsiku loyamba, msonkhano wonse uthera pa yemwe akhale wapampando. Yambani ndi amayi: a Mvano, a Dorika, amayi a m'miphakati ya Akatolika. Amenewa ndi amene amadziwa khomo limene moto sunayake dzulo, mwana amene wapita kusukulu wopanda juzi, bambo amene ganyu inamuthera koma akuchita manyazi kunena. Mukagwirizana, pitani awiriawiri kwa m'busa aliyense payekha, mwaulemu, kukapempha madalitso ndi mphindi ziwiri pa nthawi ya zolengeza. Mukawatsimikizire kuti tsikulo sipadzakhala chikwangwani cha mpingo uliwonse, ulaliki, kapena kuitanira anthu kutsogolo. Pemphero limodzi lalifupi, chaka chino mpingo uwu, chaka chamawa winawo. Mantha a nkhosa aja amathera pamenepo. Abale athu Achisilamu a ku Mangochi ndi Machinga, omwe ambiri ali ku Mayfair ndi Fordsburg, aitaneninso, ndipo pa chakudya pasakhale za nkhumba. Wina akadabwa, mukumbutseni kuti bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee (PAC) kumudzi linayamba mu 1992 ndi Akhristu ndi Asilamu atakhala pamodzi.

Pa ndalama ndikhalitsapo, chifukwa apa ndi pamene ife tinagwa. Chaka china tinasonkha ndithu, ndipo posowa akaunti ya gulu tinaika mu ya m'bale wina, munthu wabwinobwino, woimba kwaya. Mwezi utatha lendi inamupana, anatapako poganiza kuti abweza Lachisanu. Anabwezadi, koma patatha masabata atatu, ndipo pofika nthawi imeneyo mphekesera inali itazungulira mipingo yonse. Chaka chotsatira mipingo iwiri inakana kubwera. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa olakwa tinali ife amene tinamusenzetsa yesero lotero ali yekha.

Ndiye chaka choyamba pemphani katundu kuposa ndalama: mabulangete, majekete, masokosi, ufa, nyemba, mafuta ophikira, sopo, ndi mapadi a atsikana, amene ambiri timaiwala. Ndalama ikabwera, asungichuma akhale awiri a mipingo yosiyana, kope likhale limodzi lachikuto cholimba, ndipo risiti iliyonse ijambulidwe n'kuikidwa pa gulu la WhatsApp tsiku lomwelo. Ndalama isagone m'thumba mwa munthu, kaya m'busa kaya mkulu wa mpingo. Igule katundu sabata yomweyo. Lamulungu lotsatira tsiku logawa, lipoti limodzimodzi liwerengedwe m'mipingo yonse inayi. Ntchito ikakhazikika, mutha kulembetsa gululo ngati NPO (bungwe losafuna phindu) ku nthambi ya boma ya Department of Social Development. Kulembetsako n'kwaulere, koma pamafunika malamulo olembedwa a gulu ndi malipoti chaka ndi chaka. Pamenepo ndiye mudzatsegule akaunti ya gulu.

Konzekeraninso kusankha zovala. Mudzatsegula thumba n'kupeza malaya othothoka mabatani, nsapato imodzi yopanda inzake, buluku lonunkha nkhungu. Lengezani poyera kuti chimene sungaveke mwana wako usabweretse. Wolandira musamufunse pasipoti kapena pemiti, ndipo musamujambule. Ndikukumbukira mnyamata wina amene anangotsika basi ku Park Station mu Juni, atavala malaya a manja aafupi, milomo itauma gwa. Mayi wina anamuveka jekete, koma wina atatulutsa foni, mnyamatayo anayamba kuivula. Ankaopa kuti amake ku Mulanje aona pa Facebook kuti mwana amene anagulitsira mbuzi kuti apite ku Joni akulandira zopempha. Foniyo itabwerera m'thumba m'pamene anatseka zipi.

Lamulungu likubwerali mukaweruka, musathamangire kunyumba. Dikirani pageti la mpingo woyandikana nawo, mufunse amayi apampando, muwaitanire tiyi. Mukagwirizana tsiku mundilemberenso. Ndili ndi mabulangete awiri ndi jekete ya mwana wanga imene yamuchepera, ndidzabwera nazo pa takisi.