Ndalama ya mpopi ndi ya chimbudzi m'thumba limodzi

Mayi wina wa ku Nkolokosa wanditumizira imelo. Nyumba yawo ili pa suweji, ndipo amva zoti ntchito ya suweji mumzinda wa Blantyre muno iyenera kuchoka m'manja mwa khonsolo n'kupita kubungwe la madzi. Funso lawo n'lalifupi: ziwirizi zikakhala pansi pa bwana mmodzi, zinthu ziyenda bwino, kapena ndi njira chabe yokwezera bilu?

Amayi, pepani ndachedwa kuyankha. Imelo yanu ndaiwerenga katatu, koma m'malo moganiza za mapaipi ndimangoona chitini cha mkaka wa ufa chomwe chinkakhala pamwamba pa kabati ya aneba athu ku Ndirande. Mundilole ndiyambire kumeneko.

Poloti yathu inali chakumunsi, kufupi ndi Nasolo. Mabanja asanu ndi awiri, mpopi umodzi pakati pa bwalo, chimbudzi chimodzi kuseri, chitseko chake lata lakale lomangirira ndi waya. Ndalama tinkasonkha pawiri. Ya madzi ankatolera eni poloti, chifukwa bilu inkabwera m'dzina lawo. Ya chimbudzi inkalowa m'chitini chija, kwa mayi wina wogulitsa mandasi, munthu wosaseka ndi ndalama. Dzenje likatsala pang'ono kudzaza iwo ankaitana anyamata obwera usiku ndi ndowa ndi mafosholo, kukacha tinkapeza pawazidwa phulusa, nkhani yatha. Povuta panali potolera. Ya madzi aliyense ankapereka, apo ayi mpopi aukhoma loko. Ya chimbudzi, eeh! "Ndipereka mwezi ukatha." "Ine ndimalawira, ndimakadzithandiza kuntchito." Bambo wina mpaka anati ana ake ndi ang'onoang'ono, sangadzaze dzenje.

Tsiku lina eni poloti anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mapeyala. Akuti kusonkha pawiri n'kudzivutitsa, kuyambira mwezi wamawa ndalama ikhale imodzi, thumba limodzi, wosunga mmodzi. Mutu umodzi susenza denga, anatero, anthu n'kuwomba m'manja. Ndisaname, miyezi yoyamba zinayenda. Ozemba aja analibenso pothawira, chifukwa kukana ya chimbudzi kunali kukana madzi. Ndalama inachuluka kuposa kale.

Kenaka paipi inayamba kudontha pansi pa nthaka, bilu inalumpha. Mwezi wotsatira mpopi unafuna mutu watsopano. Posakhalitsa madzi anakwera mtengo. Tambala iliyonse ya m'thumba lija inkathamangira kumpopi, ndipo sindikunena kuti madala aja ankaba, ayi. Ankachita zomwe ine ndi inu tikadachita. Bilu ya madzi ili ndi tsiku lake, ukaphonya anthu amabwera ndi sipanala. Chimbudzi sichibwera ndi sipanala. Chimangodzaza phee, mpaka mvula ya Januwale. Chaka chimenecho chinasefukira. Mphutsi kukwera khoma, madzi akuda kudutsa pakhomo pathu penipeni pomwe mayi ankakolezera mbaula. Mlongo wanga wamng'ono anatsegula m'mimba masiku atatu, mayi anam'bereka usiku ulendo wa kuchipatala, ine pambuyo ndi botolo la Thanzi. Anachira. Nthawi imeneyo n'kuti m'chitini muja mayi a mandasi akusungamo mchere.

Ndiye munthu akandiuza za kuphatikiza mabungwe, ine ndimayamba ndafunsa kuti sipanala ili mbali iti.

Tiyeni tibwere ku Blantyre wamkuluyu. Blantyre Water Board ndi bungwe lakale, la 1929, ndipo ntchito yake ndi yokwezera madzi kumtunda. Madzi ambiri omwe timamwa amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amawapopa kukwera mamita pafupifupi 800, kudzera ku Chileka, kuti afike mumzinda. Damu la Mudi limangothandizira pang'ono. Madzi a ku Mulanje, ochokera mu Likhubula kudzera ku Nguludi, anayamba kufika cha mu 2019. Kukankha madzi kukweza phiri chonchi kumadya magetsi oopsa, n'chifukwa chake magetsi akavuta mipopi nayonso imauma. Pamwamba pa izi pali madzi ochuluka otayika m'mapaipi okalamba ndi obedwa, omwe bungwe lawapopa kale koma silipezapo kanthu. Suweji ili ndi khonsolo, ndi malo ake oyeretsera zonyansa monga ku Soche, Manase, Limbe ndi Chirimba. Koma lamulo la Waterworks Act la 1995, lomwe linakhazikitsa dongosolo la mabungwe asanu a madzi m'dziko muno, linapereka suweji kwa mabungwe a madziwo, ndipo ndondomeko ya ukhondo ya 2008 inabwerezanso zomwezo. Choncho zomwe mwamvazo si mphekesera ya dzulo. Ndi nkhani yokhala pa pepala zaka pafupifupi 30.

Ofuna kuphatikiza ali ndi mfundo, sindingawanyoze. Wogulitsa madzi ndi amene amadziwa kuchuluka kwa madzi olowa m'nyumba mwanu, ndiye akudziwanso omwe akutuluka. Ali ndi mita, ali ndi dzina lanu, ali ndi mainjiniya, makina okumbira, ndi mabuku omwe banki ingawone n'kubwereketsa ndalama. Kukhonsolo suweji imalimbirana mbale imodzi ndi misewu, zinyalala, misika ndi magetsi a mumsewu, ndipo paipi ya pansi palibe khansala amene angadulire riboni. Kutolera kumayenda bwino bilu ikakhala imodzi. Zimenezi ndinaziona ndi maso pansi pa mtengo wa mapeyala.

Pali kuphatikiza kwinanso komwe anthu amasokoneza ndi uku, kotenga timabungwe ta m'matauni ang'onoang'ono n'kupanga limodzi lalikulu. Ife tinachita kale mu 1995, mpake Zomba, Mangochi ndi Liwonde zili pansi pa Southern Region Water Board. A ku England ndi Wales anachita mu 1974, anasonkhanitsa timabungwe tambirimbiri ta madzi ndi suweji n'kutsala ndi akuluakulu khumi. Pa pepala zimakoma: ofesi imodzi, mankhwala ogula mochuluka, tauni yolemera kunyamula yosauka. Koma a World Bank atafufuza mabungwe ophatikizidwa m'maiko osiyanasiyana mu 2017, anapeza kuti kukula sikutsitsa mtengo nthawi zonse. Ine sizinandidabwitse. Mukaphatikiza antchito a mbali ziwiri, malipiro amakwezedwa kufanana ndi a olandira zambiri, palibe amene amavomera kutsitsidwa. Ngongole za mbali yofooka sizisungunuka, zimangosamukira nyumba yatsopano. Ndinagwirako ntchito pakampani ina yomwe inamezedwa ndi inzake, chaka chathunthu tinkangokangana za amene akhale pafupi ndi zenera, makasitomala ali pa mzere panja. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kwa anzathu a ku Uganda madzi ndi suweji zili m'bungwe limodzi, National Water and Sewerage Corporation, kuyambira 1972. Pa madzi bungweli limatamandidwa mu Africa muno, lafika m'matauni oposa 200. Nanga suweji? Mu Kampala momwemo anthu ochuluka zedi akadali pa zimbudzi zokumba ndi masepitiki thanki. Zaka zoposa 50 m'nyumba imodzi, mwana wina wanenepa, mnzake nthiti zili pamtunda. Ku Zambia nako makampani a madzi ndi suweji ali pamodzi kutsatira lamulo la 1997, ali ndi wowayang'anira wotchedwa NWASCO, komabe kolera sanasiye kuyendera Lusaka. Amene ndimawapatsa ulemu ndi a ku Burkina Faso. Bungwe lawo la ONEA limadula kandalama ka ukhondo pa bilu ya madzi, ndipo kandalamako kanathandiza anthu wamba a ku Ouagadougou kumanga zimbudzi zabwino pakhomo. Chitini anachisiya pa kabati, anangosintha wotolera.

Poyamba paja ndimayesa kuyankhula mofatsa, koma apa ndinene mosapsatira. Kupereka suweji kwa bungwe lomwe usiku uliwonse likuganiza za bilu ya magetsi a ku Walker's Ferry, popanda kutsekera ndalama ya suweji padera, ndi kubwereza za madala a poloti aja. Pampu ya mu Shire ikafa, mzinda wonse ukuwa, mawayilesi alira, nduna ifika. Pampu ya pamalo oyeretsera zonyansa ikafa, amene adziwe ndi achule a mu Mudi ndi amayi ochapa kumunsi kwake. Inu mukanakhala bwana, ndalama yotsala mukanaiponya kuti?

Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'choti mkangano wonsewu ukukhudza pafupifupi munthu mmodzi pa khumi aliwonse mumzinda muno, inu muli ndi zimbudzi zogejemula za pa suweji. Ife a ku Ndirande, Bangwe, Mbayani, Chilobwe ndi Machinjiri, nkhani yathu ndi dzenje, ndi amene alipope likadzaza, ndi komwe akataye. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, anakula m'makwalala mopanda paipi ya suweji. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 anakokolola zimbudzi zambirimbiri pamodzi ndi nyumba. Bungwe lophatikizidwa lomwe likuwerenga mapaipi okha, osawerenga maenje, kwa ine langosintha chikwangwani pa geti.

Nanga bilu yanu, amayi?

Yembekezerani kuti idzakwera, chifukwa kumene anaphatikiza, ya suweji kawirikawiri amaiwerengera pa madzi omwe mwagwiritsa ntchito. Ndiye mpopi wodontha ndi thanki ya kuchimbudzi yosatseka bwino, konzeranitu. Ubwino wake mudzakhala ndi khomo limodzi logogoda paipi ikatsekeka. Akadzaitanitsa msonkhano wa mitengo, mukafunse ngati ya suweji izilembedwa payokha pa bilu, ngati izisungidwa ku akaunti yake, komanso ngati zomwe mumalipira kale kukhonsolo zitsikeko. Akayamba kuzungulira poyankha, mwadziwa.

Ku Ndirande kuja ndinapitako mwezi wathawu kumaliro. Mtengo wa mapeyala anadula, pamalo pake pali nyumba ina ya lendi, mabanja tsopano ndi khumi. Mpopi anaika mita yolipiriratu, mwana wa malemu eni poloti ndi amene amagula mayunitsi pa foni. Ndinapempha kiyi wa kuseri. Mtsikana wina anandipatsa, koma anandichenjeza kuti ndisaponde pakati, thabwa lake linawola.