Madzi, sopo kapena ma wipes? Yankho kwa mayi wa ku Chipoka

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chipoka amene wangochira kumene. Mwana ndi woyamba, wamkazi, ndipo pomwe ankalemba n'kuti ali ndi masiku 9. Mchemwali wake wa ku Johannesburg watumiza mapaketi a ma wipes, timapepala tonyowa topukutira mwana. Apongozi akuti mwana akadziyipitsira azitsukidwa ndi sopo kenako n'kumuthira paudala. Anamwino, pa tsiku lotuluka m'chipatala, anangoti "madzi okha basi." Ndiye akufunsa kuti amvere ndani.

Choyamba tithokoze kuti mwachira bwino, amayi. Mverani anamwinowo. M'mwezi woyambawu, madzi oyera ofunda ndi thonje kapena kansalu kofewa n'zokwanira.

Khungu la khanda ndi lopyapyala kuposa lathu ndipo limauma msanga. Sopo amachotsa timafuta tachilengedwe timene timaliteteza, makamaka sopo wochapira zovala amene ambirife timasambiranso. Khanda limasinthidwa thewera ka 8, ka 10, nthawi zina kuposa apo pa tsiku. Tangoganizani kupaka sopo malo amodzimodziwo ka 10 tsiku lililonse. Ndipo chimene chimawotcha mwana kwenikweni ndi mkodzo ndi chimbudzi zikakhalitsa limodzi pakhungu. Tizilombo ta m'chimbudzi timasandutsa mkodzo kukhala ammonia, fungo lobaya m'mphuno lija mumalimva pa thewera logonera. Choncho kusintha msanga kumathandiza kuposa chilichonse chimene mungagule ku golosale.

Koma kuno kwathu mawu akuti "madzi okha" amafunika funso lina: madzi ake ati? Amene tili m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka, Senga Bay mpaka ku Chia, mjigo ukafa timathamangira kunyanja ndi ndowa. Madzi otunga m'mphepete angakhale ndi tizilombo ta likodzo, ndipo timeneti timalowera pakhungu, sitidikira kuti munthu amwe kapena akasambire konko. Palinso matenda otsegula m'mimba. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja sanawasiye. Ndiye madzi a mwana wiritsani, ngakhale a pamjigo, m'masabata oyambawa. Ine ndinkawiritsa madzulo pa mbaula yomwe ndaphikira nsima, makala asanazime, n'kuthira mu fulasiki. Usiku mwana akalira ndinkathira pang'ono m'kambale, n'kusakaniza ndi owiritsa ozizira, n'kuyesa ndi chigongono. Akafunda pang'ono chabe, osatentha, ndi omwewo.

Mukasamba m'manja ndi sopo, m'gonekeni mwana pa chitenje choyera. Chotsani zambirizo ndi mbali youma ya thewera lomwelo. Nyowetsani thonje n'kupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Kwa mwana wamkazi ili ndi lamulo, chifukwa mukabwerera nalo kutsogolo mukutengera chimbudzi kunjira ya mkodzo. Thonje lililonse lipite kamodzi n'kutayidwa, lisabwererenso m'kambale. Tambasulani timikwinya ta m'mphechepeche, m'menemo ndi mmene mumabisala zambiri. Ngati thonje lavuta kupeza, dulani chitenje chakale chimene chinafewa ndi kuchapa, tizidutswa tokwana chikhatho, tambirimbiri, kuti kalikonse kagwire ntchito kamodzi n'kukachapidwa. Poumitsa musakhule, muzingogunditsa kansalu kouma. Mukatero musiyeni mwanayo ali mbulanda kwa mphindi zingapo, aponye timiyendo, mphepo imupite.

Mwina mwaona kale tinthu toyera, kapena kadontho ka magazi, tikutuluka kumaliseche a mwana wanu. Musaope, zimachitika m'masiku oyambirira chifukwa cha mahomoni a mayi ndipo zimatha zokha. Pukutani kunja kokha, musalowetse thonje m'kati. Kwa amene ali ndi ana aamuna, khungu la kunsonga musalikokere kumbuyo, silinafike nthawi yake.

Za ma wipes, sindinganene kuti ndi oipa. Werengani pa paketipo. Ngati alemba kuti mulibe alcohol ndi perefyumu, mutha kugwiritsa ntchito. Ngati mukatsegula paketi fungo lake likudzadza chipinda chonse, asiyeni kaye mpaka mwana akule. Aja opukutira m'manja kapena ochotsera zodzoladzola kumaso asayandikire n'komwe. Kwa ine malo awo ndi pa ulendo: muli pa mzere ku sikelo, kapena m'minibasi yopita ku boma mwana wadziyipitsira musanafike ku Kamuzu Road. Pamenepo ndi chipulumutso. Koma kunyumba, kumene fulasiki ili pomwepo, palibe chifukwa. Ndiponso mapaketi a mchemwaliwo adzatha, ndipo mukazolowera mudzayamba kugula ndi ndalama ya ndiwo.

Paudala ndiye ayi. Fumbi lake mwana amalipuma n'kulowa m'mapapo, ndipo likakumana ndi thukuta limaundana m'mikwinya ngati phala. Ngati mukufuna chodzola, pakani Vaseline wopanda fungo pang'ono chabe khungu litauma. Amatchinga mkodzo, ndipo chimbudzi chotsatira chimachoka mosavuta. Mukaona kufiira, mankhwala odzola okhala ndi zinc oxide amathandiza.

Apongozi musawatsutse pamaso. Analera ana awo, mmodzi mwa iwo ndi amene mukukhala nayeyo. Ingonenani kuti, "Amayi, kuchipatala atiletsa paudala mpaka akule," mlandu ugwere anamwino amene sadya nawo mbale imodzi. Ndipo mukaona bwino, zambiri zimene amadziwa n'zolondola: kuyanika matewera padzuwa, kumusiya mwana pamkeka wopanda chovala masana.

Ine ndinaphunzira movutikira. Mwana wanga woyamba anabadwa mu Okutobala, kutentha kwa ku Salima kuja koti ngakhale usiku khoma limakhala likufunda. Pofuna kuti asanyowetse bedi, ndinkamuveka kabudula wapulasitiki pamwamba pa thewera usiku wonse. Matewerawo ndinkachapa ndi sopo waufa wambiri, kutsukuluza kamodzi kokha poti madzi anali akutali. Pasanathe sabata mwana anafiira ngati wathiridwa madzi otentha, ndikangomukhudza ndi thonje ankalira mpaka mawu kutha. Ndinataya pulasitikiyo, ndinayamba kutsukuluza katatu mpaka thovu litatheratu, ndi kumusintha akangonyowetsa. Anachira m'masiku ochepa. Mapampasi nawonso ali ndi msampha wake: amaoneka ouma kunja, ndiye poti ndi odula timawasiya mpaka alemere. Chimbudzi chikangolowamo, vulani, ngakhale mwamuveka kumene.

Pa masiku 9, mchombo mwina wagwa kapena watsala pang'ono. Nthawi zambiri umagwa pakati pa sabata imodzi ndi ziwiri. Pindani thewera kuti lithere m'munsi mwake, mkodzo usafikepo. Musapakepo phulusa, dothi, mafuta kapena zitsamba, chifukwa kafumbata amalowera pomwepo. Ngati kuchipatala anakupatsani mankhwala a pamchombo otchedwa chlorhexidine, pakani mmene anakuuzirani, osati m'maso kapena pena paliponse.

Pali zina zimene madzi ndi Vaseline sizingathetse. Kufiira kukapitirira masiku atatu mukuchita zonsezi, kapena kukalowa m'mikwinya kofiira kwambiri ndi timadontho tomwazikana m'mbali, nthawi zambiri ndi fangasi ndipo pamafunika mankhwala ake a kuchipatala. Musagule timachubu ta pamsika, makamaka tija toyeretsa khungu. Tambiri timakhala ndi mankhwala amphamvu amene amapyapyalitsa khungu la mwana n'kuwonjezera fangasiyo. Ndipo mukaona matuza, mafinya, mchombo wofiira kapena wonunkha, thupi kutentha, kapena mwana akukana bere, musadikire tsiku la sikelo. Khanda la msinkhu umenewu limafooka msanga, nyamukani tsiku lomwelo.

Mapaketi a mchemwaliwo asungeni pozizira, kutali ndi windo, ndipo umene mwatsegula muzimata bwino pakamwa pake. Kutentha kwa ku Chipoka kumawaumitsa ngati mapepala m'masiku ochepa. Umodzi ikani m'chikwama cha ku sikelo, pamodzi ndi thewera lapadera ndi kajumbo koikamo lakudalo.