Usanathamangire kukhoti, malume ako adziwa kodi?

Mnyamata wina wa ku Lizulu wandifunsa funso lomwe ndalimvanso kwa anzake angapo. Akuti mbale wake, mwana wa amayi ake aang'ono, wazula khonje wa m'malire n'kulowerera mizere itatu m'munda wa kachewere womwe mayi a mnyamatayo anasiya. Atamufunsa, wayankha mwano. Mnyamatayo wajambula zithunzi, waponya pa gulu la banja la WhatsApp, ndipo tsopano akufuna kukasuma kukhoti. Akuti, "Agogo, kwa amfumu kuli phindu lanji masiku ano, poti amangoti gwirizanani?"

Mdzukulu wanga, ndiyambe ndi zomwe wachita kalezo. Chithunzi chija achiona abale a ku Joni, a ku Lilongwe, ndi akamwini omwe mundawo sanaupondemo. Dzulo mbale wako akanatha kunena kuti ndinalakwitsa popanga mizere, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero sangatero, chifukwa mtundu wonse watchera khutu kuti umve ngati agonje. Mizere itatu ija waiwala, chomwe akulimbira tsopano ndi manyazi.

Kwathu kuno munda umayenda ndi mbumba, ndiye woyamba kumva nkhaniyi ndi malume ako. Mayi ako ndi mayi ake a mnzakoyo onse ndi alongo awo, kotero akakondera mmodzi adzipweteka okha. Mkhalapakati amafunika wotero, woti nonse mukumuchitira manyazi ndipo mizereyo sapindula nayo kanthu. Mwinimbumba wodziwa ntchito yake sakuitanani pamodzi tsiku loyamba. Amamva mmodzi madzulo ano, wina mawa, aliyense atulutse ululu wake kopanda womutsutsa. Kawirikawiri apa m'pomwe pamatulukira kuti nkhani si munda ayi. Mwina ndi ndalama za chipepeso pa maliro a mayi ako zomwe sizinalongosoledwe, mwina ndi thumba la feteleza lomwe wina anabwereka osabweza. Khote khote ngwa njoka, iwe tsata komwe kwaloza mutu.

Kenaka mlandu wa malire sakambira pakhonde, amapita kumunda komweko. Amatenga amayi achikulire omwe analima pamenepo ali atsikana, iwo n'kuloza kuti malire ankachokera pachulu icho kukafika pachitsa cha mango apo. Ineyo pano ndinalakwapo. Chaka china anandiitana pa mlandu wonga womwewu, ndipo poti wodandaula anali wodziwa kuyala mawu pomwe mnzake ankangochita chibwibwi ndi mkwiyo, ndinagamula ndili pampando. Patapita sabata gogo wina anandikoka dzanja kukandionetsa mizu ya nkhadze yakale, ili kumbali ya wachibwibwi uja. Ndinayenda ndekha kukapepesa, koma mabanja awiriwo anatha zaka osapemphana ngakhale moto.

Zikakanika kwa malume, ndiye kwa anyakwawa. Mumapereka chabwalo, nduna zimafunsa, mboni zimalankhula poyera. Osakhutira amapita kwa agulupu, kenaka kwa mfumu yaikulu, kaya ndi a Njolomole, a Kwataine kapena a Chakhumbira, malinga ndi dera. Usaganize kuti izi n'zachikale zomwe boma silizidziwa. Lamulo la malo a makolo la 2016 linaika bwalo loweruza mikangano ya malo m'dera la mfumu yaikulu iliyonse, wapampando wake n'kukhala mfumuyo, ndipo wosakhutira ali ndi kokachita apilo paboma. Ndiye ngakhale utavala jekete n'kukwera minibasi ya ku Ntcheu, funso loyamba lomwe ukalandire ndi lakuti, kumudzi mwakambirana?

Tsono mawu aja akuti gwirizanani, omwe ukuwanyozawo. Woweruza wa kukhoti akagamula amatseka faelo n'kumapita kwawo. Iwe ndi mbale wakoyo mubwerera pa mjigo umodzi, manda anu ndi amodzi, ndipo tsiku lomwe mwana wako adzadwale usiku, njinga yamoto yapafupi ingadzakhale yake. Nkhuku kapena mbuzi yomwe wolakwa amalipa pabwalo si mtengo wa mizere. Ndi njira yoti avomere kulakwa manja ake akugwira kanthu, pakuti pakamwa pokha pamalemera.

Ngakhale dziko lino linadutsa momwemo. Mu Malichi 1992 mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, zinthu zinafika poopsa. Chaka chomwecho amipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda anapanga bungwe la Public Affairs Committee (PAC), n'kukhala pansi ndi komiti ya nduna yomwe Kamuzu anasankha. Anthu omwe sankamwerana madzi anakambirana mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Ine ndinaima pamzere tsiku limenelo, ndinaponya voti, n'kubwerera kunyumba wamoyo. Tsidya la msewu, ku Mozambique, anzathu anali atangotuluka m'nkhondo ya zaka 16, ndipo ambiri tinkakhala nawo konkuno ngati othawa.

Koma ndisakunamize kuti bwalo ndi loyera. Alipo mafumu omwe amaweruza akuyang'ana m'thumba la munthu, ena amagulitsa malo amodzi kwa anthu awiri. Ukaona zotero usapse mtima pabwalo, pempha kuti mlandu ukwere, ndipo chigamulo chilichonse chilembedwe m'buku, mboni zisayine, iwe usunge pepala lako. Ife tinkadalira kukumbukira kwa okalamba, koma okalambawo tikutha.

Ziliponso nkhani zomwe sizifuna mkhalapakati n'komwe, ndipo apa atsikana mundimvetsetse. Mwana akagwiriridwa, mayi akamenyedwa mpaka kuvulala, mtsikana wosafika zaka 18 akakwatiwitsidwa, wina akamati tikambirane pachibale, ameneyo akubisa mlandu. Zimenezo n'zakupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo mafumu ake ang'onoang'ono omwe ankalekerera inawaimitsa. Sinati gwirizanani. Ankhoswe amene amabweza mwana wamkazi kwa mwamuna womuthyola nthiti, n'kumati banja n'kupirira, ine sindiwawerengera.

Koma yako ndi mizere itatu. Fufuta zithunzi zija usiku uno, ndipo pagulupo usalembepo chilichonse, ngakhale akuputa. Loweruka ulawire kwa malume ako, ukafotokoze modekha, za chipepeso zija ukazitchulenso ngati zikukudya mumtima. Upemphe kuti akayendere malire mvula isanagwe, chifukwa mbewu ikamera m'mizeremo mlandu udzakhala wa zokolola. Popita kumundako utenge khasu ndi ana a khonje okwanira mzere wonse, theka ukamupatse iyeyo adzale yekha.