Alamu, za karapau mwafunsa zija

Uthenga wanu unandipeza ndili pa mzere pa boda ya Zóbuè, ndiye ndinati ndiyankhe nditafika kunyumba ku Moatize. Mwafunsa komwe karapau ndimagulitsayu amachokera, momwe amafikira kuno wosawola, komanso ngati ndalama za soya mwakolola ku Ulongwe zingakwane kuitanitsa kontena yanuyanu. Ndiyambe ndi lomalizali: sizingakwane, alamu, ndipo zikanakwana sindikanakulolani chaka choyamba.

Karapau si wa mu Zambezi kapena ku Cahora Bassa ngati pende ndi kapenta. Ndi wa m'nyanja ya mchere, ndipo wambiri amene timadya kunoyu amagwidwa ku Namibia, doko lake ndi Walvis Bay. Sitima zambiri zimamuziziritsa panyanja pompo, atangovuulidwa, mpaka kuuma gwa ngati mwala. Pa katoni amalemba 16+, 18+, 20+ kapena 25+. Kumeneko n'kutalika kwa nsomba m'masentimita, ndipo nambala imeneyi muidziwe musanadziwe china chilichonse. M'misika ya kumudzi 16+ ndiye amayenda, chifukwa m'katoni ya makilo 10 mumatuluka nsomba zambiri, milu n'kuchuluka. A malo odyera amafuna 20+ kupita m'mwamba. Mukasokoneza, mukhala tsiku lonse mukuingitsa ntchentche.

Makatoniwo amalowa m'kontena yoziziritsa, imene a padoko amati rifa. Yaikulu ija ya mafiti 40 imanyamula matani 25 kapena kuposerapo pang'ono. Werengani nokha: ndi makatoni 2,500 a makilo 10. Filiza yanga yaikulu imalowa makatoni 30, ndipo ndili nazo zitatu. Inu muli ndi imodzi, ija achemwali amasungiramo mafilizesi. Makatoni enawo mukawaika kuti?

Tsono apa mumvetsetse, poti geni yonse yagona pamenepa. Rifa ilibe magetsi akeake. Mu sitima amaipulaga, padoko amaipulaga, ikakwera thiraki amamangirira jenereta. Nsomba iyenera kukhala pa madigiri 18 pansi pa ziro kapena kutsika kuposa apo, kuchokera ku Walvis Bay mpaka m'manja mwanu. Ndipo rifa ntchito yake n'kusunga chisanu chimene katundu walowa nacho. Mukaikamo nsomba yofunda, ya pakati pa mulu idzawola makina akulira bwinobwino. Mpweya wozizira umayenda m'timizere ta pansi, n'kukwera m'mbali mwa makatoni, n'kubwerera ku makina chakudenga. N'chifukwa chake m'kati muli mzere wofiira, ndipo wopakira akaupitirira pofuna kupanikiza makatoni ena khumi, watseka njira ya mpweya.

Zakudya zaziwisi ndiye nkhani ina. Inu a ku Angónia mukudziwa kuti mbatatesi ukaitsekera m'pulasitiki imachita thukuta n'kuwola, chifukwa imapuma. Zipatso m'kontena n'chimodzimodzi: amatsegula kazenera ka mpweya, pamene pa nsomba amakatseka ndithu. Maapozi amafuna pafupi ndi ziro, nthochi zimafuna madigiri 13 kapena 14, ndipo zikazizira kuposa apo khungu limada, osapsanso bwino. Ine za zipatso sindichita, ndangotchula kuti musadzaganize zoti chilichonse chozizira chimakwera galimoto imodzi.

Sitima ikakocheza pa Beira, pa doko limene amayendetsa a kampani ya Cornelder, mpamene mwini kontena amayamba kusowa tulo. Pamafunika BL, chikalata cha a sitima chosonyeza mwini katundu, fatura yosonyeza mtengo wa katundu, satifiketi ya zaumoyo yochokera komwe nsomba yachokera, ndi chilolezo cha INIP, bungwe loyendera nsomba. Zonsezi amalowetsa ndi despachante, munthu woombolera anthu katundu padoko, mu Janela Única, njira ya pa kompyuta yoperekera mapepala, kuti a alfândega, ndiwo a kasitomu, awerengere msonkho. A sitima amapereka masiku ochepa aulere. Akatha, tsiku lililonse kontena ikagona padoko mumalipira, kuwonjezera za magetsi. Pepala limodzi likalakwika nambala, phindu lonse limathera pomwepo. Ndipo nsombayo munailipira kalekale, m'madola, kudzera ku banki, musanaione n'komwe. Kumbukiraninso Malichi 2019: namondwe Idai anadula msewu wa EN6 wotulukira mu Beira, Beira n'kukhala masiku ambiri mumdima. Woitanitsa kontena ayenera kukhala ndi mpamba woti zoterezi zikamugwera adzukenso.

Kuchoka ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600: Inchope, Chimoio, kukhotera pa Vanduzi kulowa EN7, Catandica, Guro, Changara, kenako Tete. Mathiraki olemera amawolokera pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014. Kutentha kwa Tete mu Okutobala mumakudziwa, kumapitirira madigiri 40. Alipo madalaivala ena osaona patali amene amathimitsa jenereta usiku kuti agulitse dizilo, n'kuyatsanso akayandikira. Eni katundu ochenjera amaika kachipangizo kolemba kuzizira ola ndi ola, ndiye bodza silikhalitsa. Koma ife opikula makatoni sitikaona kachipangizoko. Tili ndi maso, mphuno ndi zala basi.

Ndinaphunzira ndi misozi. Chaka changa chachiwiri ndinapeza armazém ina, nyumba yopikulitsira katundu, ikugulitsa motchipa modabwitsa, ndinapikula makatoni 20 mtima uli dyokodyoko. Makatoniwo anali opindika m'makona, ena ali ndi madontho ofiirira pansi, koma ndinati n'zapaulendo. Nditafika pa boda ya Calomue n'kutsegula, madzi a magazi anali ataundana mbali imodzi ngati chigumu, maso a nsomba atalowa m'kati, makha ali bii. Itangoyamba kusungunuka, mimba zinaphulika. Mayi wina anagula mulu umodzi, anabwerera pasanathe ola, nsomba ili m'mbale, sanalankhule kanthu, anangondiikira pa tebulo. Nsomba ija inasungunukapo panjira n'kuumitsidwanso. Makatoni 14 ndinakwirira kuseri kwa msika.

Lero sindilipira ndisanatsegule katoni imene ndaloza ndekha, ya pakati, osati imene mnyamata wa mu armazém wandisankhira. Katoni ikhale yowongoka ndi youma. Nsomba ziwiri ukazigundanitsa zilire ngati nkhuni. Khungu linyezimire, makha akhale ofiira. Deti lopakira ndi lothera ndimawerenga, ndipo sikelo ndimayenda ndi yanga.

Za pa boda ndinene mwachidule. Ndimadutsa pa Zóbuè kupita ku Mwanza, kapena pa Calomue kulowa ku Dedza. Katundu amaonetsedwa ku alfândega mbali ino ndi ku MRA, bungwe la msonkho la Malawi, mbali inayo, ndipo zakudya ngati izi zimafuna chilolezo, ndiye mukafunse ku ofesi musanagule, osati katundu ali kale pa galimoto. Anyamata a njinga adzakunyengererani njira za m'minda. Wa zitenje atha kubisala m'tchire tsiku lonse, chitenje sichisungunuka. Inu akakugwirani masana, ngakhale atakubwezerani katundu madzulo, mwatsala ndi fungo lokha. Ine ndimanyamuka 3 koloko m'bandakucha, makatoni othinana bwino, okutidwa ndi mabulangete ndi masaka, pasakhale mpata wa mphepo pakati.

China chimene chimagwetsa ambiri n'chakuti timagula m'metikali, n'kugulitsa m'makwacha. Musagone ndi makwacha poyembekezera kuti mawa osintha ndalama akomera mtima; sinthani tsiku lomwelo, muwerenge phindu m'ndalama imene mukapikulire. Ngongole kwa amayi a m'misika imakhalapo, sitingaithawe, koma katoni yachiwiri isatuluke yoyamba isanalipidwe.

Ndiye yambani ndi makatoni 10 a 16+, mugulitse pa Ulongwe pomwepo ndi pa Domwe, musanaganize zowoloka. Ndalama zotsalazo gulani filiza yachiwiri ndi kajenereta, chifukwa magetsi akathima usiku umodzi filiza yodzaza, yosatsegulidwa, imapirira, koma masiku awiri ayi. Lachiwiri ndikupita kukapikula mu Tete. Mukwere chapa, minibasi ija, ya m'mawa, mubwere ndi mabulangete akale anayi, ndipo achemwali muwauze achotse mafilizesi awo.