Kwa mayi a ku Bangula: Chichewa cha a DJ ndi filimu yomwe inagonetsa mwana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa kupulaimale kufupi ndi Bangula. Akuti ana awo awiri amaswera kuvidiyo sho Loweruka lililonse, kuonera mafilimu a ku Nigeria ndi achimwenye omasuliridwa ndi ma DJ. Tsiku lina anawabweretsera filimu ya William Kamkwamba, mnyamata uja anapanga makina a mphepo opangira magetsi, yomwe nkhani yake ndi ya kuno kwathu ndipo mbali yaikulu anthu ake akulankhula Chichewa, koma wamkuluyo anagona isanafike n'pakati pomwe. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi vuto ndi ana angawa kapena filimuyo? Nanga inu mwaonera chiyani masiku ano choti n'kuwaonetsa?"

Mayi, pepani kuti ndachedwa kuyankha. Ndinafuna ndiyambe ndakakhala pabenchi pomwe ana anuwo amakhala, chifukwa panali patapita zaka ndisanapondemo muvidiyo sho.

Ndinalowa ina pa Nchalo Loweruka masana, dzuwa lija la kuno loti nkhuku zimayenda zitayasama kukamwa. Chisakasa chamalata, m'mbali atchinga ndi mapepala akuda a pulasitiki, sipika imodzi aikoleka panja kuti iziitana anthu a pamsewu. M'katimo munali anyamata a kabaza, abambo atatu omwe ankaoneka kuti angoweruka kumene kumunda wa nzimbe, amayi awiri ogulitsa mandasi, ndi ana osawerengeka atakhala pansi kutsogolo. Thukuta lokhalokha. Filimu inali ya ku Nigeria, ya mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake anamulanda nyumba maliro asanathe n'komwe.

Amene simunaonepo mafilimuwa, zimayenda chonchi. DJ amatsitsa mawu enieni a mufilimu n'kumalankhula yekha m'malo mwa aliyense: mkazi, mwamuna, sing'anga, wapolisi, ngakhale galu akauwa amamumasulira. Mayina amasintha. Lagos imasanduka Limbe, kumudzi kumasanduka ku Thyolo, ndipo mlamu woipa mtima uja amapatsidwa dzina lachipongwe lomwe limamukakamira mpaka filimu kutha. Ine poti Chingerezi ndimachimva, ndinkatchera khutu ku mawu otsalira pansi paja, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti DJ ameneyu ankanama. Loya wa mufilimu anafotokoza za lamulo kwa mphindi yathunthu, DJ n'kungoti, "Akuti musaope mayi, awa ndi akuba ovala masuti." Basi. Chisakasa chonse chinaphulika ndi phwete.

Koma taonani zomwe zinachitika filimu itatha. Anthu sanabalalike. Bambo wina, Msena weniweni, anaimirira pakhomo n'kunena kuti abale a mwamuna aja analakwitsa pochita nkhanza, komabe ana ndi a kuchimuna poti malowolo anaperekedwa. Mmodzi wa amayi a mandasi aja, yemwe kalankhulidwe kake kanali ka Chimang'anja, anamudula pakamwa: kwawo mwana ndi wa kuchikazi, mwinimbumba ndi malume, ndipo mlamu wotere akanathamangitsidwa ndi munsi. Mnyamata wina wa kabaza anaponyapo yake kuti masiku ano kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo sananame, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaterodi. Anakangana mpaka filimu yachiwiri inayamba anthu akadali panja. Nkhani yojambulidwa ku Nigeria inasanduka mlandu wa pabwalo la pa Nchalo, ndipo amene anaitengera pamenepo ndi DJ wabodza uja.

Apa ndiye pagona yankho langa, mayi. Ana anuwo akuthamangira mawu. Chichewa cha DJ ndi cha pamsika, cha mumpira, chomwe amachimva kwa anzawo. Amawachenjeza kuti "taonani mfitiyo ikubwera kuseri," amawaseketsa pomwe filimu yazizira, amawakumbutsa zomwe zinachitika kumayambiriro. Ndi ntchito yomwe agogo athu ankagwira pofotokoza nthano madzulo, ife n'kumavomera kuti "tili tonse." Mwana amene wazolowera kuyenda ndi womuperekeza chonchi, mukamusiya yekha ndi filimu yachete amaona ngati mwamutaya m'tchire.

Filimu ya Kamkwamba ija, The Boy Who Harnessed the Wind, ndi yachete ndithu. Inatuluka pa Netflix mu Malichi 2019, mwezi womwe kuno madzi a namondwe Idai ankatisamutsa, choncho ambiri a ife tinaionera mochedwa. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, yemwenso anasewera ngati bambo ake a William, ndipo William weniweniyo anaseweredwa ndi Maxwell Simba, mnyamata wa ku Kenya. Anaijambulira m'dziko mwathu momwe muno, ku Kasungu. Ndimawalemekeza kuti anavutikira kuphunzira chilankhulo chathu m'malo mongolankhula Chingerezi chokhachokha. Komabe khutu silinamizidwa. Mawu ndi olondola koma kakwezedwe ndi katsitsidwe kake n'kachilendo, ngati munthu woyenda ndi nsapato zobwereka. Lily Banda, yemwe anasewera ngati mchemwali wake wa William, akangotsegula pakamwa mumamva kuti eya, uyu ndi wathu, ndipo pomwepo kusiyana kuja kumaonekera kwambiri.

Ndinaioneranso mwezi watha palaputopu kumudzi kwathu cha ku Ngabu, pamodzi ndi azakhali anga ndi adzukulu awo atatu. Azakhaliwo Chichewa amachimva bwino koma pakhomo amalankhula Chisena. Patangopita mphindi zochepa anandigwira pamkono n'kundifunsa ngati anthuwo akulankhula chilankhulo cha ku Zambia. Ana anaseka. Wamng'ono anayamba kusewera ndi mphaka.

Zinasintha pomwe njala inalowa mufilimu. Banja lija litayamba kudya kamodzi patsiku, anthu akukanganirana chimanga pamsika wa boma, azakhali anasiya kupeta mapira awo. Anaika lichero pansi. Kenaka, maso ali pa laputopu pompo, anayamba kusimba za 2002, momwe ankalawirira m'bandakucha kupita kudambo kukazula nyika, mizu ija ya m'madzi yomwe anthu amadya pa njala, madzi ofika m'chiuno, wina ataima pamtunda kuyang'anira ng'ona. Anafotokoza kawawidwe ka nyika ikapanda kuphikidwa bwino, ndi momwe mwana wawo wachiwiri ankaikanira mpaka njala inamugonjetsa. Mwana wachiwiriyo ndi mayi wa adzukulu omwe anali pamkekapo. Ndinaimitsa filimu. Palibe mwana anagona usiku umenewo, ndipo titaiyambitsanso ankafunsa mafunso motsatizana: bwanji anagulitsa mitengo, bwanji mfumu ija anaimenya pamsonkhano, galu uja wafa ndi chiyani.

Ndiye mwana wanu sanalakwe, ndipo filimuyo si yoipa. Inalembedwera anthu amene akudziwa kale kulemera kwa zomwe akuonazo, kapena azungu omwe amawerenga mawu omasulira olembedwa m'munsi mwa kanema. Mwana wobadwa 2002 itadutsa kalekale alibe poigwirira. Muioneretu naye limodzi, ndipo DJ mukhale inuyo. Imitsani, fotokozani, nenani za kwanu. Ngati kunyumbako kuli agogo, akhale pafupi. Ngati kuli njinga ya dayinamo, ibweretseni pakhomo, azungulitse tayala aone getsi likuyaka, chifukwa nzeru yonse ya makina a mphepo aja yagona pa kachipangizo kameneko. Kamkwamba anali ndi zaka 14 zokha pomwe ankatolera zitsulo kudzala, atasiya sukulu chifukwa cha fizi.

Zina zomwe ndaonera sindichedwapo. Masewero achimwenye a pa Zee World ndinawasiya. Mkazi mmodzi amatha sabata yathunthu akutsika masitepe, kamera ikuzungulira nkhope ya apongozi ake, ndipo ukajomba mwezi umapeza akadali pa mlandu womwewo. Akazi anga amawakonda, choncho limoti ikakhala m'manja mwawo ine ndimakakhala panja kupitidwa mphepo. Mafilimu a karati omasuliridwa ndi abwino kuseka nawo kamodzi, koma onse ndi amodzi: ekita amenyedwa, athawira kuphiri, aphunzira, abwerera. Masewero athu a pa MBC ngati Tikuferanji ali ndi khalidwe lokonda kulalikira kumapeto, komabe Chichewa chake n'chamoyo ndipo mwana angaonere popanda inu kugwira mtima.

Pa za vidiyo sho pali chimodzi choti musachinyozere. Zomwe amaonetsa masana si zomwe amaonetsa usiku, ndipo si ma DJ onse ali ndi pakamwa poyera. Ena amathira zolaula pomwe mufilimu mulibe, kungofuna kuseketsa anyamata. Pitani tsiku lina mukakhale kumbuyo ngati momwe ndinachitira ine, mukamve nokha. Ndi bwinonso kupita kwa anyamata oika mafilimu m'mafoni aja n'kusankha nokha zoti ziikidwe mumemore khadi, ana azionera pakhomo. Sola yaing'ono ndi foni n'zokwanira. Kuno tinaphunzira kusadalira magetsi a mawaya okha kuyambira pomwe namondwe Ana anawononga Kapichira mu Januwale 2022.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti DJ uja ngakhale akhale waluso bwanji, amatitengera ku Limbe ndi ku Thyolo. Ku Makhanga safikako. Madzi a 2015 omwe anadula anthu a tsidya la kum'mawa, Freddy wa 2023, mabwato opalasa usiku pa Shire, ulimba ukulira pamaliro, nkhani ya Mbona ku Khulubvi, zonsezi ndi mafilimu omwe akungoyenda m'mitu ya anthu ngati azakhali anga. Ndikufuna ndidzaone tsiku lina munthu akulonga Chisena pakanema popanda kukhala woseketsa wa m'sewero.

Mdzukulu wamkulu wa azakhali uja anandiimbira foni Lachitatu. Akuti wapeza dayinamo yakale kwa wokonza njinga pa Ngabu, koma akumuuza mtengo wokwera, ndiye ndimuthandize. Ndamuuza kuti ayambe wafunsa ngati ikugwira ntchito.