Bomba limapeza bwanji njira GPS ikasokonezedwa?

Achimwene ena oyendetsa lole pamsewu wa Moatize kupita ku Zóbuè anditumizira imelo. Akuti akuba amatha kutseka GPS yolondolera galimoto ndi kachipangizo kokwana m'thumba, nanga mabomba a ku Ukraine oyendera GPS yomweyo amafika bwanji pomwe awatuma?

Achimwene, funso lanuli landikhudza pabala. Ine ndinakulira ku Dedza titathawa nkhondo kwathu ku Angónia. Titabwerera, mtendere wa 1992 utasainidwa ku Roma, agogo anatiletsa njira ya kudimba kuopa mabomba okwirira. Tinkazungulira kutali, ndowa pamutu, aliyense kuponda pomwe waponda mnzake. Dziko lathu la Mozambique linadzalengeza kuti lathana nawo mu 2015. Ndiye munthu akamandiuza za bomba "lanzeru", ine ndimakana. Bomba likasochera silibwerera kwa mwini wake. Limagwabe, ndipo pansipo pamakhala munda wa munthu kapena denga lake.

Masetilaiti a GPS ali kumwamba makilomita pafupifupi 20,200. Uthenga wawo umafika pansi pano uli wofooka ngati kunong'ona pamsika wa Ulongué, wokuwa pafupi aliyense amauphimba. Choopsa kwambiri ndi kutumiza uthenga wabodza, chida n'kumakhulupirira kuti chili pomwe sichili. Mu 2023 zipolopolo za Excalibur zomwe America inapatsa Ukraine zinayamba kuphonya kwambiri chifukwa cha zosokoneza za Russia. Ngakhale anthu wamba zimawakhudza: mu 2024 Finnair inaimitsa kaye ndege zopita ku Tartu, ku Estonia.

Zomwe opanga zida ndi asilikali amachita

Mkati mwa bomba amaikamo INS, makina owerengera okha liwiro ndi kukhota osadalira setilaiti, kungoti ulendo ukatalika amataya njira pang'onopang'ono. Amaikanso eriyo ya mbali zingapo yomwe imatseka khutu mbali yomwe phokoso likuchokera. Ya Russia amaitcha Kometa. Mzinga wa Tomahawk umayerekeza mapiri ndi zigwa ndi mapu omwe uli nawo, monga unachitira ku Iraq mu 1991. Madironi ena tsopano amakoka ulusi wa fiber wodutsamo uthenga wowawongolera, osadalira wailesi n'komwe. Apo ayi, amasaka chosokonezacho n'kuchiphulitsa.

Za lole yanuyo, uzani abwana agule cholondolera chomwe chimachenjeza kuofesi uthenga ukangoduka mwadzidzidzi.