Mwakaona zilombo ku Mua, ndiye mwakula?

Adzukulu anga a ku Salima kuno, mwandifunsa kuti: "Agogo, sukulu inatitengera ku Mua, tinakaona nkhope za gule zitapachikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Nanga chinsinsi chilipobe? Tikhoza kumazikamba pabwalo?"

Khalani pansi kaye. Nyumba imeneyo ndimaidziwa. Ukachoka kuno pa msewu wopita ku Balaka, umapatuka cha ku Mtakataka, m'boma la Dedza. Mishoni ya Mua anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo pazaka zoyambazo ansembe ndi eni mizinda sankamwerana madzi. Wolowa tchalitchi ankauzidwa kuti asiye gule, ndipo a kudambwe nawo ankakokera ana kwawo. Ndiye taonani zodabwitsa: pamalo omwewo, mu 1976, wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa KuNgoni, malo osungira chikhalidwe ndi zaluso. Nyumba mwakaonayo imatchedwa Chamare, dzina limene anthu ankatchulira mmishonale wina wakale, Champmartin, poti lilime lathu linkakana.

Muli zipinda zitatu, ndipo ndikudziwa kuti inu munathamangira chapakati chokha, cha Achewa, mmene muli zilombo zoposa 400. Za Angoni ndi Ayao munangodutsa ngati mukuthawa mvula. Mukadzapitanso mukaime pamenepo, chifukwa kuno kwathu Myao ndi mnansi wanu wa pakhomo.

Tsono za chinsinsi. Munaona Chadzunda, munaona Maliya, munaona Simoni wofiira uja ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Munaona Kasiyamaliro. Koma kodi munamva ng'oma? Munamva amayi akuyimbira, fumbi lili koboo? Chimene chili pakhoma chija chagona. Chilombo chimadzuka pamaliro, pachiliza, pachinamwali, polonga ufumu, ndipo pamenepo chimakhala chikulangiza mudzi: uyu waulesi, uyu wachiwerewere, uyu wonyoza makolo. Ngakhale UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, imene inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, inalemekeza mwambo wamoyowo.

Choncho gule akatuluka m'mudzi mwanu, musamuloze chala n'kumati "uyu tinamuona ku Mua." Patukani panjira, perekani ulemu, ngati muli ndi kandalama fupani. Wosameta asalankhule za kudambwe, kaya wawerenga mabuku angati. Ndipo inu ometa, musatenge mwayi woopseza anzanu opita kusukulu. Zimenezo n'zimene zimanyozetsa gule kuposa nyumba ya ku Mua.

Za mafoni anuwo: musanajambule, funsani amene akukuonetsani malo, ndipo pabwalo funsani mwini mzinda. Wina wa inu ananditumizira chithunzi atatulutsa lilime pafupi ndi chilombo chosema. Chimenecho chichotse pa Facebook lero lomwe, amalume ako asanachione.